Rilu Yopukusa ndi Dzanja Lamanja

Ndinaganiza zochoka ku Nkhotakota tsiku limene Bambo anandiloza pamaso pa asodzi anzawo n'kunena kuti, "Uyu ndi mwana wanga wa dipuloma. Nsomba amaidziwira m'mbale." Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinaseka nawo, koma mumtima ndinati basi, ndipite kumene sandidziwa. Mwayi wa ku Glasgow utapezeka sindinafunse kawiri.

Ntchito yake inali ya keya, kusamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi, kuwasintha akadziipitsira. Kwathu ndinangoti ndikugwira kuchipatala. Achemwali anga a Esinala, amene amakhala ndi Bambo chimwalirireni Mayi, anafalitsa mudzi wonse kuti ndatsala pang'ono kukhala dokotala. Sindinawatsutse. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo palibe anafunsa kuti ndazipeza nditagwira chiyani.

Ndinkakhala m'kachipinda ku Springburn, dera la mu Glasgow momwemo. Lamulungu kutchalitchi timapatsana moni wa Chichewa, kumwa tiyi, kenako aliyense ulendo ku shifiti. Kusungulumwa kwake ndi koti umayamba kuyankha wailesi.

Amene anandipulumutsa ndi Dougie, dalaivala wa pantchito pathu, munthu woti Chingerezi chake ndinatha miyezi itatu ndikungochigwedezera mutu. Loweruka lina ananditengera kunyanja yamchere pa boti. Kumeneko sawedza ndi nyambo ayi. Amaponya kachitsulo konyezimira kotchedwa jigi mpaka pansi, kenako n'kumakadzutsa ndi kukagwetsa, uku akukulunga chingwe, mpaka nsomba ipsere mtima n'kukaluma. Ndinakola yanga yaikulu ngati mkono. Ndinatumiza chithunzi kwa Achemwali, ndipo yankho linabwera m'mawu a Bambo eni ake: "Mufunse, wamugwiritsa ndani?"

Abale inu! Ndinalumbira kuti ndidzapita nazo zida zimenezi kumudzi, ndikakhale ndi Bambo m'bwato, ndikawapatse m'manja, aone kuti wa dipuloma uja madzi amawadziwa. Dougie anandipatsa ndodo yake yakale yowedzera ndi jigi, koma yopanda rilu, chija chokulungira chingwe. Anati, "Rilu ugule wekha, koma undifunse kaye."

Mwana wa msodzi n'kufunsa dalaivala za nsomba? Ndinapita kumsika wa zinthu zakale n'kusankha mmene timasankhira kwathu: chachikulu ndiye chabwino. Ndinagula chirilu chonga mutu wa mwana, cha mtundu wolendewera pansi pa ndodo. Pa boti zinandikanika. Ndodo inkalemerera kumbuyo, chingwe chinkamenya timphete ta ndodo n'kupotana, phewa linayaka moto ola lisanathe. Chingwe chitakodwa pamiyala ndinachita zimene ndinkaona kwathu, kuchikulunga kuzala n'kukoka. Chingwe cholukidwa cha kuno si twaini wa ku Nkhotakota. Chinandicheka zala ziwiri ngati lumo. Dougie ankandimanga bandeji uku akutukwana. Patapita milungu iwiri chirilu chija chinauma gwa ndi mchere, chifukwa chinali cha m'madzi wamba.

Mpaka lero ndikadutsa pafupi ndi msika umenewo zala zimandiyabwa ndi mkwiyo. Munthu amene anandigulitsa sanandinamize. Ndinadzinamiza ndekha.

Ndinameza manyazi n'kunyamula ndodo kupita nayo kusitolo ya zowedzera. Mayi wogulitsa anaitembenuza kamodzi n'kundionetsa kachitsulo kokoletsa chala pansi pa chogwirira. "Mukukaona aka? Ndodo iyi imafuna rilu yokhala pamwamba. Timphete take n'tating'ono." Anandionetsanso manambala olembedwa pa ndodo, onena kulemera kwa jigi ndi mphamvu ya chingwe. Ine ndinkayesa ndi zokongoletsa. Anati rilu ikhale yopapatiza, yokulunga msanga, yotsekedwa bwino kuti mchere usalowe. Anamangirira zitatu, imodzi imodzi, n'kumandiuza ndiike ndodo pachala. Yachitatu inakhala phee, osapendekera kutsogolo kapena kumbuyo. Inali yaing'ono kuposa zonse, koma mtengo wake unali woopsa.

Nditamuuza kuti ndi mphatso ya Bambo, anafunsa, "Mwini wake amapukusa ndi dzanja liti? Mtundu uwu chogwirira chake sichisinthika. Mukasankha, mwasankha."

Ndinaimba kumudzi ndili m'sitolo momwemo. "Achemwali, ndipatseni Bambo."

"Angotuluka kumene."

Miyezi imeneyo Bambo ankangokhala atatuluka kumene. Ndikaimba m'mawa ali kunyanja, ndikaimba masana ali kumaliro.

"Koma ali bwino? Akuwedzabe?"

"Ali bwino kwabasi. Iwe limbikira ntchito."

Ndinasankha yamanja. Dzanja lamanja la Bambo ndinkalidziwa, linandimenyapo kokwanira. Ndinagwira mashifiti owonjezera miyezi iwiri kuti ndiiwombole.

Nditapeza tchuthi cha milungu iwiri, ndinakwera ndege ndi ndodo ili m'paipi. Ndinakangana ndi apabwalo la ndege chifukwa cha iyo, ndinakangananso ndi kondakitala wa minibasi amene ankafuna ilipire mpando. Njira yonse ndinkayeserera mawu oti ndikanene.

Ndinapeza Bambo ali pamkeka pakhonde, atatsamira khoma. Pakamwa panali patapotokera mbali imodzi. Dzanja lamanja linali pamwendo, zala zitapindika. Sitiroko inawagwira miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo, ndipo bwato linali litagulitsidwa kale.

Ndinakokera Achemwali kuseri kwa nyumba. "Miyezi isanu ndi iwiri! Foni ndinakugulirani ya chiyani?"

"Amene ali kunja sauzidwa zotere," anatero. "Ukanatani? Ukanangodwala maganizo, ntchito n'kukuthera. Bambo ndiwo analetsa."

Ndinapsa mtima. Ndinakatenga rilu ija basi n'kuwapatsa Bambo, poti ndinalibe china. Bambo anaigwira ndi dzanja lamanzere, anayesa kufikira chogwirira, inawapulumuka n'kugwera pamkeka. Anati, mawu akukokeka, "Ndi yokongola." Achemwali anaibwezera m'bokosi n'kukaiika pamwamba pa kabati, pamodzi ndi makapu a alendo.

M'mawa mwake ndinamva Bambo akubuula. Ndinapeza Achemwali akuwadzutsa kuti akasambe, akuwakoka ndi dzanja lodwalalo. Ndinakuwa, "Siyani! Muwagulula phewa!" Ndinagwada, ndinawapinda mawondo, ndinawatembenuzira mbali yabwino, dzanja langa kumsana kwawo, n'kuwakhazika. Ndinawasambitsa, ndinawapukuta pakati pa zala zopindikazo, ndinawaveka malaya kuyambira mkono wodwala. Pamsana ndinapeza chilonda cha kugonera mbali imodzi chitayamba kale. Chinthu choti ndikanachiletsa ndi mawu awiri pafoni.

Bambo ankangondiyang'ana. "Zimenezi amaphunzitsa madokotala?"

"Sindine dokotala, Bambo. Ntchito yanga ndi imeneyi. Ndimasambitsa okalamba."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse."

Achemwali anali pakhomo ndi beseni, osayang'ana aliyense. Ndinadikira kuti Bambo aseke, kapena anene kena kake kokauza anzawo.

"Ndiye iwe ukusambitsa atate a eni," anatero Bambo, "ako akukokedwa ngati thumba la chimanga."

Ndinafuna kukuwa kuti simunandiuze. Koma nanenso ndinawauza chiyani? Nyumba yonse tinkasungirana manyazi, aliyense akuti akuteteza mnzake.

Bambo anandigwira mkono ndi dzanja lamanzere. "Mawa undidzutse ndiwe. Manja ako sapweteka."

Ndinavomera. Tikiti yanga yobwerera inali m'chikwama, ndipo masiku anali atatsala khumi ndi awiri.