Muyeso wa Lole ya Adada

Fungo la girisi pagalaja dzulo linandibwezera ku Chilumba, Lachisanu lina masana.

Adada anali ndi lole yakale yomwe anagula kwa asilikali, yonyamulira mpunga ku Hara. Kumbuyo kwake kunali kutatsika. Achipani anati mawa lake inyamule amayi okavina, ndipo masiku amenewo munthu sankakana. Jeke inali itabwerekedwa, choncho Adada anaikweza ndi mitengo n'kuikhazika pachipika kuti awonjezere zitsulo kumasipuling'i.

Muyeso wawo ndinali ine. "Ima apa, mwana wane. Bodi ya loleyi ikafika pamutu pako, ndiye kuti yakhala bwino."

Analowa pansi. Chipika chinang'ambika, bodi n'kutsikira paphewa langa.

"Adada, yatsikanso," ndinatero. "Kwezani."

Ndinaimabe pomwepo mpaka Amama anandinyamula, poti Adada sanandiuze kuti ndichoke.

M'mawa mwake, anthu akuimba nyimbo za maliro pakhomo, ndinakaimanso paloleyo. Amuna amene anatulutsa Adada pansi pake anali ataikhazika pamiyala. Bodi inafika pamutu panga ndendende. Ndinalowa m'nyumba kukawauza Adada kuti yakhala bwino. Palibe anandiletsa.