Amayi Mawa ndi Mwana Amene Anamubweza

Mpingo wathu wataya mayi amene tonse tinkangowatchula Amayi Mawa. Dzinali linayamba ngati chipongwe, koma iwo analilandira mpaka kumaliyankha ndi m'tchalitchi momwe.

Anali chitsirizira m'banja la mmisiri wa matabwa, ndipo anakula akusesa m'tchalitchi ndi mayi awo. Atamaliza maphunziro a uphunzitsi anawapatsa kalasi yoyamba, ija aphunzitsi ena amaithawa chifukwa cha misozi ndi mamina.

Sukulu ikatsegulira, ankayesa ana atsopano mmodzimmodzi pakatebulo ka pakhomo. Mwana ankayenera kunena dzina lake, kuwerenga timiyala, kutchula chojambulidwa pakhadi ndi kugwira pensulo. Wolephera ankabwezedwa kuti adzabwere chaka chinacho. Amayiwa ankadziwa kuti obwezedwa ambiri sabweranso. Choncho mwana akangoti kakasi, ankabweza timiyala m'chitini n'kunena kuti, "Lero wachita manyazi. Tiyesanso mawa." Ena ankayesedwa mpaka kutsegula pakamwa chifukwa chotopa nawo.

Ahedi sankakondwa nazo. "Mayi, mawa lanuli lidzafika liti?" ankatero. "Ana akukhalirana pamiyendo m'kalasimo."

Chaka china kunabwera kamtsikana kachibwibwi, mwana wa mayi wochapa zovala za anthu. Atakaonetsa chithunzi cha kapu, milomo inkangonjenjemera, mawu osatuluka. Ahedi anali ataima kumbuyo, mzere utafika kumsewu. Amayi Mawa anatopa, nalemba kuti sanakonzeke.

"Ndiye ndimutani, aphunzitsi?" anadandaula mayi wake. "Kunyumba amalankhula ndithu, amangochedwa."

"Mudzabwere naye chaka chinacho."

Sanabwere. Banjalo linasamuka, ndipo palibe anadziwa kumene linalowera. Amayi Mawa anafunsa za mtsikanayo kumsika, kuchipatala ndi kwa ochapa anzake a mayiyo, koma osaphula kanthu. Kuyambira pamenepo sanabwezenso mwana, ngakhale zinawadanitsa ndi akuluakulu mpaka anapuma ntchito osakwezedwa. Mwezi uliwonse ankapempha kuti pa Misa timupempherere mtsikanayo. Kunena zoona, enafe tinafika potopa nazo.

Wansembe wathu anawauza tsiku lina kuti, "Mayi, Mulungu anakukhululukirani kale."

"Ndikudziwa, abambo," anayankha. "Koma kukhululukidwa kwanga sikunamuphunzitse kuwerenga."

Atakalamba maso anachita khungu, koma Lamlungu sankajomba, mwana wawo wamkazi akuwagwira dzanja. Matenda atakula analandira masakramenti ali phee. Kenaka anamuitana mwana wawoyo.

"Kodi za mtsikana uja zamveka?"

Mwanayo anafuna kuwanamiza kuti apite ndi mtendere, koma analephera. "Ayi, amayi."

"Chabwino. Muzifunsabe."

Anatseka maso masana omwewo, nkhope ili yofatsa. Ngati alipo mwa owerenga amene akudziwa mayi wachibwibwi amene anabwezedwa pakhomo la kalasi yoyamba ali mwana, chonde afike ku ofesi ya parishi.