Galu Ali ndi Dzina, Mmisiri Alibe

Janeth Mbewe anafika ku Dubai chifukwa cha wansembe amene anamwalira iye asanabadwe. Wansembeyo anali Bambo Pius, mzungu wa ku Ireland amene anayambitsa mishoni ya Kapirinsonga, kwawo kwa Janeth ku Mchinji. Abale a wansembeyo sanaiwale mishoniyo. Chaka ndi chaka ankatumiza mabulangete kwa masisitere, ndipo tsiku lina mdzukulu wawo wokhala ku Dubai, adona Lily, anapempha kuti awapezere mayi wantchito wopemphera, waukhondo ndi wosalongolola. Masisitere anasankha Janeth. Pa zitatuzo analondola ziwiri.

Anakhala zaka zisanu m'kachipinda koyandikana ndi makina ochapira, akulera ana a eni pamene wake, Lulu, ankaleredwa ndi agogo ake kumudzi. Lachisanu lililonse, tsiku lopuma kumeneko, ankapita kutchalitchi, kenako n'kukwera basi kukacheza kwa mnzake Hildah wa ku Lusaka, amene ankakhala ku International City. Kumeneko ndiye kumene pakamwa pake pankapumira mphepo. Koma matenda a korona atafika, tchalitchi anatseka, kutuluka pageti kunafuna chilolezo cha pafoni, ndipo Lachisanu linasanduka tsiku ngati ena onse.

Matendawo anapeza m'nyumbamo muli mlendo. Bambo ake a adona Lily, a Dalton, nkhalamba ya zaka 76, anabwera mu Marichi 2020 kudzakhala milungu iwiri yokha. Ndege zinaima, ndipo zitayambanso mwana wawo anakana kuti nkhalamba ya chifuwa chofooka ikwere. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mame awa anakana kukamuka.

A Dalton anali mwana wa mchimwene wake wa Bambo Pius, komanso wapampando wa Komiti ya Mbiri ya Kilderrin. Kilderrin ndi katauni kawo, ndipo malinga ndi zithunzi kanali ndi msewu umodzi, tchalitchi chimodzi, mabala asanu a mowa ndi mpope wakale umene unasiya kutulutsa madzi kalekale. Komitiyo inkalemba buku la mbiri ya tauniyo, ndipo chifukwa cha matenda inkakumana pa Zoom Lachiwiri lililonse masana. Kompyuta ndi a Dalton sankamvana, choncho Janeth ndiye ankaitsegula, n'kuima kumbuyo ndi tiyi.

Zimene anaona kumeneko! Nkhalamba zisanu ndi ziwiri, ina ikuoneka chipumi chokha, ina mphuno zokha, zonse zikulankhula nthawi imodzi. Zinatha milungu itatu zikukangana ngati mpope uja unabwera mu 1887 kapena 1888. Zinatha mwezi wathunthu pa nkhani ya ng'ombe imene inalowa m'tchalitchi tsiku la ukwati wa munthu wina, ndipo dzina la ng'ombeyo ankalidziwa. Mlembi wa komiti, Mayi Wilson, mphunzitsi wopuma ntchito, anali ndi lamulo limodzi limene ankalinena atagogoda tebulo: "Popanda pepala, palibe mbiri."

Janeth ankazinyamula zonsezi n'kukamutulira Hildah pa WhatsApp, akuseka mpaka misozi. "Anthu akufa dziko lonse, iwo ali pa ng'ombe!"

"Ba Janeth, bazungu banu balibe vochita, khalas," ankayankha Hildah, n'kutsekera ndi liwu lachiarabu lotanthauza kuti basi. "Bapatseniko mopu."

Kuseka kunatha mu Febuluwale 2021, komiti itafika pa mutu wachisanu ndi chinayi, wonena za ana a Kilderrin amene anapita kumaiko akutali. Mayi Wilson anaika chithunzi chakale pakompyuta. Panali Bambo Pius ataima patsogolo pa tchalitchi cha Kapirinsonga, pambali pawo njinga yamoto, kumapazi kwawo galu. Chakumapeto kunaima bambo wamtali wopanda nsapato, atagwira mpeni womangira nyumba. Mayiwo anawerenga mawu a m'munsi monyadira: "Bambo Pius pa tchalitchi chimene anamanga ndi manja awo, njinga yawo yamoto, galu wawo Captain, ndi mbadwa ina."

Chithunzi chomwecho chinali pakhoma m'nyumba ya malemu bambo ake a Janeth. Pakamwa paja masisitere analonjeza kuti n'posalongolola panatseguka.

"Ameneyo si mbadwa ina. Ndi agogo anga, bambo a bambo anga. Tchalitchicho anamanga ndi iwo."

Chipumi ndi mphuno zonse zinatembenukira kwa iye. Janeth anaona kuti wayamba kale, ndiye anamaliza. Anawauza kuti Bambo Pius anali munthu wabwino, wodziwa kubatiza ndi kuzula mano, koma njerwa sankaidziwa. Khoma limodzi lokha limene anaumirira kumanga okha linagwa ndi mvula yoyamba, ndipo mpaka lero malowo anthu amati pa khoma la Abambo.

"Kodi mayiyu ali ndi pepala?" anafunsa Mayi Wilson.

Madzulo ake adona Lily anamuitanira kukhitchini n'kumukumbutsa mwaulemu wonse kuti bambo awo ali ndi bipi, komanso kuti anthu antchito masiku ano akubwezedwa kwawo tsiku ndi tsiku. Janeth anayankha kuti wamva. Kumva anamvadi, koma mumtima anali atalumbira kale kuti buku limenelo silisindikizidwa galu ali ndi dzina, agogo ake alibe.

Anamenya nkhondoyo ndi zida za munthu wantchito. Tiyi wa a Dalton anayamba kufika atazizira. Mbatata ya kachewere, imene nkhalambayo inkaidya ngati sakramenti, inayamba kutuluka m'poto ili gwa pakati. Kompyuta nayo inagwidwa ndi matenda odabwitsa amene ankabwera Lachiwiri lokha. Akamufunsa, Janeth ankangoti, "Inshallah, Mulungu akalola ichira, bwana."

Kunena zoona, nkhondoyo inali yosafunikira kwenikweni. A Dalton anali atazindikira kuti mutu wachisanu ndi chinayi analemba ndi Mayi Wilson, amene anawagonjetsa pa nkhani ya mpope. Kuti Bambo Pius, bambo awo aang'ono, sankadziwa kumanga zinawapweteka, koma kuti Mayi Wilson analakwitsa zinawakomera kuposa. Anaika pavoti nkhani yolemba dzina la mmisiriyo m'bukumo. Inadutsa ndi manja anayi kwa atatu, ndipo dzanja lachinayilo linali la mwini chipumi uja, amene ankapempha kuti apite kuchimbudzi. Anagwirizana kuti dzina lifike pofika Lachisanu, chifukwa osindikiza ankadikira.

A Dalton anatenga cholembera mwachipambano. "Tiyeni nalo dzinalo."

"AMbewe."

"Inde, ngati lanu. Nanga dzina lawolawo?"

Janeth anayesa kulikumbukira. Anafufuza m'mutu monse. Munali aMbewe, munali aMmisiri, munali agogo, munali bambo a Maxon, monga ankawatchulira akuluakulu potengera dzina la mwana wawo woyamba, bambo ake a Janeth. Dzina lawolawo munalibe. Kwawo mwana wotchula dzina la munthu wamkulu ankakumana ndi kamtengo, ndipo Janeth analeredwa bwino kwambiri.

"Ndikuuzani mawa," anatero, manyazi atamugwira mpaka kumapazi.

Anaimbira amayi ake. "Iwe, dzuwa la ku Dubai lakuwotcha ubongo?" anakalipa mayiwo. "Ine nditchule dzina la apongozi? Ndinkati ndikawaona panjira ndimalowa patchire, ndiye dzinalo ndikanalitola kuti? Amene ankalidziwa ndi azakhali ako Anastasia."

Azakhali Anastasia, mwana womaliza kutsala wa aMmisiri, anali atamwalira mu Januwale, matenda atavuta kwambiri kumudzi. Anaikidwa mofulumira ndi anthu ovala mapulasitiki. Mufoni ya Janeth munali mauthenga awo atatu a mawu amene sanawatsegule, chifukwa ankadziwa kuti ndi a perefyumu ya ku Dubai imene ankaipempha chaka chonse. Tsiku limenelo anawatsegula poganiza kuti mwina munthu akamayandikira kufa amanena zazikulu. Onse atatu anali a perefyumu. Anakhala pansi pafupi ndi makina ochapira n'kulira maliro amene sanalire mu Januwale.

Anatumiza uthenga kwa katekisiti wa kumishoni. Yankho linabwera loti buku la ubatizo lilipo, koma chiswe chinadya kuyambira 1940 mpaka 1961, ndipo chinasiya chikuto chokha. Kumanda nako kunalibe chowerenga. Banja linakhala likukonza zomanga chiliza kwa zaka makumi atatu, ndipo zokonzazo zinali zikuyendabe bwino.

Atasowa pogwira anaponya chithunzicho pagulu la WhatsApp la Ana a Kapirinsonga. Apa ndiye anaputa mavu. Wina anati dzinalo ndi Jemusi. Wina anati Jemusi linali la kumigodi ku Joni, la ubatizo ndi Petulo. Wina anati Petulo anali mng'ono wawo, wosoka nsapato. Zitamveka kuti bukulo ndi la azungu, mabanja atatu a aMbewe anatulukira kuti bambo wa pachithunziyo ndi agogo awo, poganiza kuti mwina pabwera kenakake. Pofika Lachinayi dzina linali litaiwalika, ndipo gulu lonse linkatukwanizana ngati tchalitchi chinamangidwa mu 1957 kapena 1958. Janeth anamvetsera mauthengawo umodziumodzi ndipo anthuwo anawazindikira. Anali a Kilderrin enieni, kungoti awa analibe ngakhale pepala loti agogodere tebulo. Kwa Hildah sananene kanthu.

Lachisanu m'mawa anapereka tiyi wotentha bwino, n'kuima patsogolo pa a Dalton manja ali kumbuyo.

"Bwana, dzinalo latayika. Ndinakusekani chifukwa chosunga dzina la ng'ombe. Ife tasunga ulemu, dzina n'kutaya."

Nkhalambayo inamwa tiyi wake. Kenako inafunsa kuti, ngati dzina silitchulidwa, munthu wamkulu kwawoko amadziwika bwanji. Janeth anati amadziwika ndi mwana wake, kapena mdzukulu.

"Ndiye tilemba chomwecho," anatero a Dalton.

Mayi Wilson atamva pafoni anafunsa za pepala, monga mwa nthawi zonse. A Dalton anajambula pasipoti ya Janeth n'kuwatumizira. Linali pepala, la chidindo cha boma, ndipo mayiwo anavomera kwa nthawi yoyamba chiyambire komitiyo.

Bukulo linafika mu Ogasiti, a Dalton atabayitsa katemera n'kubwerera kwawo kukaona mpope wawo. Janeth analitsegulira m'kachipinda kake. Pansi pa chithunzi panalembedwa kuti: "Bambo Pius, njinga yawo yamoto, galu wawo Captain (1953 mpaka 1964), ndi Mbewe, mmisiri amene anamanga tchalitchichi, agogo ake a Janeth Mbewe wa ku Dubai." Galu anali atawonjezeredwa zaka zake zobadwa ndi kufa, chifukwa Mayi Wilson anapeza pepala. Janeth anaseka. Anapambana ndithu, tchalitchi chinabwerera kwa mwini wake. Komabe bambo wamtaliyo anaima pamenepo ndi mpeni wake, atabwereka dzina la mdzukulu wochapa mbale za eni.

Anatenga foni n'kuimba kumudzi, n'kupempha kuti amupatse Lulu, amene tsopano anali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

"Lulu, bambo anga ine, aja anamwalira uli wakhanda, dzina lawo ndani?"

Mwanayo anaganiza kaye. "Si agogo?"

Janeth anatseka maso. Kubadwa kwake konse anali asanatulutsepo dzina la bambo ake pakamwa, ndipo lilime linalemera ngati njerwa.

"Dzina lawo ndi Maxon. Maxon Mbewe. Tanena."

Kumbuyo kunamveka amayi a Janeth akufuula kuti mwana ameneyu Dubai yamupengetsadi. Lulu anatsitsa mawu. "Amayi, sindikwapulidwa?"

"Sukwapulidwa. Nena."

"Maxon Mbewe."

"Bwerezanso."