Njinga ya malemu bambo anga inapita pasikelo

Amayi anga lero alibe nyumba, ndipo amene ndinawatayitsa nyumbayo ndine, mwana wawo woyamba. Ndalemba izi ndi manyazi, kuti inu owerenga musadzachite zomwe ndinachita ine.

Ndimagwira ntchito ya muofesi m'tauni ya Blantyre ndipo ndimachita lendi ku Kanjedza. Kukhalitsa pampando kunandibweretsera mimba ndi kuthamanga kwa magazi, ndiye adokotala anati ndizipalasa njinga. Munthu wanzeru akanangogula njinga yathunthu. Ine ayi. Ndinaona pafoni anthu akulumikiza okha njinga kuchokera ku zipangizo zogula padera, basi mtima unatengeka. Loweruka lililonse ndinkalowa mumsika wa Limbe: lero malimu, sabata inayo masipoko, kenako tcheni ndi mabuleki. Ndinatha milungu itatu ndikuwongola limu imodzi, kumanga sipoko iyi, kumasula iyo, mpaka akazi anga anayamba kundiseka kuti ndatenga mitala.

Chomwe chinandisowa chinali chishalo. Zamasiku ano n'zapulasitiki, ukakhalapo pang'ono zimawawa. Ine ndinkafuna chachikopa, cha masipuling'i, ndipo ndinkadziwa komwe chili.

Makolo anga anathawa nkhondo ku Mozambique ine ndili kumsana, katundu wawo ali panjinga. Bambo anagwira ntchito yaulonda zaka zambiri mpaka anagula puloti ku Chimwankhunda kwa mkulu wina, n'kumangapo nyumba ya zipinda zitatu. Atamwalira, njinga ija inapachikidwa m'kachipinda kosungiramo makasu akutha, kamene sikankatsegulidwa kawirikawiri, ndipo amayi sankalola munthu kuikhudza. Ine ndinkangoti n'chisoni cha mayi wamasiye.

Ndinadziwa kuti ndikapempha andikaniza, choncho sindinapemphe. Lamulungu lina masana, amayi ali kumphakati ndi Akatolika anzawo, ndinatsegula ndi kiyi wanga n'kukweza njingayo pagalimoto ya mnzanga. Mumtima ndinkati ndingochotsa chishalo, belu ndi habu, kachitsulo kapakati pa gudumu lakutsogolo, zotsalazo ndibweza asanazindikire. Chitsulo chomwe chishalo chimakhalapo chinali chitagwirana ndi felemu chifukwa cha dzimbiri. Ndinathira mafuta, ndinamenya ndi hamala, koma sichinasunthe, ndiye ndinangomasula chishalocho pamwamba.

Kubweza kuja sindinabweze. Ndikanabweza bwanji njinga yopanda chishalo, yopanda gudumu? Felemu inakhala kuseri kwa nyumba miyezi iwiri, eni nyumba akudandaula kuti ndasandutsa malo awo dzala. Tsiku lina kunadutsa ogula zitsulo zakutha ndi wilibala yawo. Ndinawaitana ndekha. Anaika felemu ya bambo anga pasikelo pamodzi ndi mbaula yobooka, ndipo ine ndinamva kupepukidwa.

Njinga yanga inatha bwino, sindinama. Ndinaipaka utoto wobiriwira, ndinkapalasa mpaka ku Sunnyside n'kubwerera, anthu akuifunsa komwe ndinaigula.

Chaka chisanathe, mkulu amene anagulitsa puloti kwa bambo uja anamwalira. Ana ake anafika kwa amayi ndi mapepala osonyeza kuti malowo ndi a bambo awo, n'kumati makolo anga anangosungidwapo mwachifundo. Amayi anandiimbira foni, mawu awo opanda mantha ngakhale pang'ono.

"Usadandaule mwana wanga, kalata yogulira malo ilipo. Ubwere mawa ndi sipanala."

Sindinamvetse za sipanalayo mpaka nditafika. Tikupita kukachipinda kaja, amayi anandifotokozera kuti kale chiswe chinadya makadi athu a ubatizo m'sutikesi. Kuyambira pamenepo bambo sanakhulupirirenso sutikesi. Anakulunga kalata ya puloti m'pulasitiki n'kuilowetsa mupaipi ya felemu, pansi pa chishalo, momwe anabisira zinthu zawo podutsa malire nthawi yankhondo. Ankadziwa awiri okha.

Amayi anatsegula chitseko. Pakhoma panali msomali wokha.

Inu owerenga, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Akanaganiza kuti ndi akuba, ndipo bodzalo linali kale pamlomo panga, koma ndinalephera. Ndinagwada n'kuulula zonse. Sanakalipe, sanalire. Anangofunsa kuti, "Unasowa pakamwa pofunsira?" Kenako anakhala pansi pakhomo pomwepo.

Ndinapempha tchuthi kuntchito. Masiku atatu ndinazungulira malo onse ogula zitsulo ku Limbe, ndikufukula milu ya malata ndi mapoto mpaka manja anachekekachekeka. Mwini malo ena anandimvera chisoni n'kundiuza zoona, kuti lole imabwera kawirikawiri kudzatenga zitsulo kupita nazo kokasungunula, ndipo cha miyezi yapitayo n'chosafunsa n'komwe.

Nkhani inapita kubwalo la milandu. Mboni ziwiri zomwe zinasaina kalata ija zinali zitamwalira kale. Anansi ena anayesetsa kutiikira umboni kuti takhalapo zaka zambiri, koma kukhalapo sankakutsutsa aliyense. Funso linali lakuti tinagula kodi, ndipo anzathuwo anali ndi mapepala, ife tinali ndi pakamwa. Amayi anapatsidwa miyezi itatu yoti asamuke. Mlongo wanga mpaka lero sayankha foni yanga, ndipo sindimuda.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine phula lake ndinadyetsa mayi wondibereka. Mukaona kholo lanu likukakamira chinthu chomwe inu mukuchiona ngati chakutha, musachiyese chisoni kapena ukalamba. Khalani pansi mufunse. Akakukanizani, funsani chifukwa chake, ndipo akapanda kunena, chisiyeni pomwe chili. Nanunso makolo, ndikupempheni, auzeni ana anu komwe mumasunga mapepala a malo mukadali moyo. Koma izi sindikunena kuti ndidzichotsere mlandu, wolakwa ndine.

Amayi tsopano amakhala kwanga ku Kanjedza, m'kachipinda komwe kale ndinkasungira zipangizo. Akazi anga amawasamala bwino, koma chimene chimandipweteka n'chakuti munthu amene anali ndi khomo lakelake, wodzala yekha mapeyala ndi mpiru, lero sakhudza kanthu m'nyumba mwanga asanapemphe. Dzulo ndinawapeza ataima pakhonde, dzanja lili pampando.

"Kodi ndingakhalepo apa?" anandifunsa.