Jombo za mdala m'mawa wa nkhonya

Jombo za mdala uja zinkanunkha, abale inu. Tinkagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi ku kampu ya kampani yathu ku Al Quoz, m'dziko la Aluya, tonse alonda. M'mawa uliwonse tikaweruka shifiti ya usiku, iwo ankavula jombo zawo n'kuziika pafupi ndi bedi langa, poti langa ndilo linali la pakhomo. Ine ndine wapakamwa, sindikana. Ndinkazikankha ndi phazi mpaka pakhonde uku ndikulalata: "Mdala, kodi m'menemu munafera khoswe?" Iwo ankangoseka. "Mphwanga, limenelo ndi fungo la ntchito. Udzalidziwa ukadzakula."

Anali munthu wamkulu ndithu, waimvi, wodwala shuga, ndipo paunyamata wawo ankamenya nkhonya m'maholo a ku Ndirande. Mphuno yawo inali yophwatalala, khutu limodzi lopindika. Nkhani ya nkhonya ikangoyamba, ankadzuka pabedi ndi kabudula yekha n'kumationetsa mmene munthu amazembera chibakera.

Nthawi imeneyo kovidi anali atavuta. Pageti ankatiyeza kutentha kwa thupi, ndipo kulowa m'chipinda cha anzako kunali koletsedwa. Wina akapezeka ndi matendawo, chipinda chake chonse chinkatsekeredwa masabata awiri, ovataimu osaiona, pamene ovataimuyo ndiyo inali ndalama yotumiza kumudzi.

Ndiye kunabwera nkhani ya zimphona ziwiri za nkhonya zolimbirana lamba ku Amereka. Kampu yonse inali pa zomwezo, a ku Uganda, a ku Nepal, a ku Philippines, aliyense ndi munthu wake. Koma kuonera kunali kolipira, ndipo mtengo wake unkakwana chakudya changa cha masabata awiri. Mdala atamva anakwiya zedi.

"Kale tinkaonera nkhonya m'kanyumba ka vidiyo ndi ndalama ya mandasi awiri," anatero. "Omenyanawo ndi ana a amphawi, koma oonera akhale olemera? Ndiye mwana wa ku Ndirande adzasirira chiyani, asanaonepo? Adzathawira kumpira onse."

Tinasonkha, poti mutu umodzi susenza denga. Tinakwana khumi ndi mmodzi, ife a m'chipindamo ndi ena asanu a zipinda zina, atatu a iwo a ku Uganda. Mdala anapereka za anthu awiri kuti zikwane. Tinagula pa foni yanga chifukwa ndiyo inali yokulirapo, ndipo masewerowo akanaoneka pa foni imodzi yomweyo basi. Ku Amereka ukhala usiku kuno kuli m'mawa, choncho nthawi inagwirizana ndi kuweruka kwathu.

Tsikulo m'basi yochokera kuntchito mutu unkandilemera, koma ndinati ndi tulo. Pageti kamakina koyezera kutentha kanandilola kudutsa. M'chipinda mdala anavula jombo n'kuziika pamalo pake pa masiku onse. Ine ndinawerama kuti nditenge chaja pansi pa bedi, nkhope ili pafupi penipeni ndi jombozo, koma sindinamve kanthu. Ndinakoka mpweya ndi mphuno kachiwiri. Zii. Ndinathamangira kubafa, ndinanunkhiza sopo, ndinabwerera n'kutswanya adyo ndi zala mpaka madzi ake kutuluka. Mphuno inali itafa, ndipo panalibe munthu pakampupo amene sankadziwa tanthauzo la zimenezo.

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ofesi ya mkulu wa kampu inali pansi pa masitepe pomwepo. Koma ndikanapita, akanandinyamula ndi foni yanga yomwe, chipinda akanachitseka, anzanga asanu akanaluza ovataimu, ndipo anthu khumi akanandida chifukwa cha nkhonya imene analipira osaiona. Ndikanati ndiwasiyire foni ine nditulukemo, akanandifunsa chifukwa. Ndinachita mantha, ndi mmene zinalili, sindikometsa ayi. Ndinanyamula jombo za mdala ndi manja, ndinakaziika pakhonde, osalankhula ngakhale liwu limodzi.

Anthu anayamba kulowa mmodzimmodzi ngati akuba. Mnzathu wa ku Zambia, amene ankagona pabedi la pamwamba panga, anatseka katani n'kutsekera thawulo kunsi kwa chitseko kuti phokoso lisatuluke. Ataona kuti ndavala masiki anaseka. "Iwe, chosa chimasiki icho, siuli pa nchito apa!"

"Zikukhudza chiyani? Nkhope ndi yako?" ndinamuyankha mwaukali, iye n'kundisiya.

Foni ndi kanthu kakang'ono, inu. Kuti anthu khumi ndi mmodzi aone, mitu iyenera kugundana. Ena anakwera pabedi la pamwamba n'kuweramira pansi, ena anagwada, mpweya wawo ndikuumva pakhosi. Ndinayesa kupereka foni kwa m'Zambia uja kuti ine ndikaime kukhomo, koma mdala anandikoka lamba.

"Khala pansi, mphwanga. Mwini foni saonera patali."

Anakhala phewa ndi phewa ndi ine. Munthu wa shuga! M'mutu mwanga munkangozungulira mawu amenewo. Anyamata a nkhonya zoyambirira ankamenyana, anthu akunong'onezana, ine osaona chilichonse. Pakhosi panayamba kundiyabwa. Ndinameza malovu, ndinaluma lilime, misozi inalengeza.

"Gwira bwino, foniyi ikugwedezekeranji?" anatero mdala. "Ukumenya ndiwe kodi?"

Zimphona zija zikulowa, tinamva mapazi pakhonde, ndi makiyi akulira. Anali mkulu wa kampu. Ndinatsitsa mawu a foni, tonse tinangoti duu. Mapaziwo anaima pakhomo pathu. Anzanga ankapemphera kuti adutse, koma ine, Mulungu ndi mboni, ndinkafuna atsekule, atibalalitse, andichotsere katunduyu popanda ine kuyankhula. Tinamva akudandaula za jombo zosiyidwa panjira, akuzikankhira kukhoma, kenako anapitirira.

Belu linalira. Raundi yoyamba anangozungulirana. Yachiwiri mdala anayamba kumenya mpweya, chigongono chawo chikundigunda m'nthiti. "Akutsitsa dzanja uyo! Taonani, akutsitsa dzanja, afa!" Yachitatu isanafike pakati, chibakera chimodzi chinatera pachibwano, chimunthu chija khu! pansi, osadzukanso. Chipinda chinaphulika. Tinaiwala thawulo, tinaiwala mkulu wa kampu. Mdala anandikumbatira mwamphamvu, masiki anatsetsereka, ndipo chifuwa chimene ndinachigwira nthawi yonse ija chinatuluka. Ndinatsokomolera m'khosi mwawo kawiri.

"Khalas? Basi zatha?" anatero m'Zambia. "Ndalama yonse ija!" Anthu anatuluka akunyinyirika, koma mdala anali akuwala nkhope, akubwereza chibakera chija pakati pa chipinda.

Patapita masiku awiri thupi linatentha, kamakina ka pageti kanandigwira. Anatiyeza tonse, ndipo anayi tinapezeka ndi kovidi. Ife atatu tinangogona kumalo otsekeredwa n'kuchira. Mdala anawatengera kuchipatala, ndipo anakhala pa mpweya masabata angapo. Ine ndinkagona foni ili pachifuwa, ikalira ndinkaopa kuiyang'ana. Palibe amene anadziwa kuti matendawo analowa ndi ndani, ndipo m'Zambia ankanamizira a ku Uganda aja. Ine ndinkangomvera, pakamwa panga ponse paja patauma.

Mdala anabwerako ali moyo, koma yunifomu ikulendewera. Masitepe a kampu ankapumira kawiri. Mlonda amaima maola khumi ndi awiri, ndipo iwo sakanathanso. Kampani inawalembera kalata yowachotsa ntchito n'kuwagulira tikiti yobwerera kumudzi.

Tsiku lonyamuka ndinawanyamulira chikwama mpaka pageti. Dzuwa linali litakwera, galimoto yopita kubwalo la ndege isanafike. Ndinadziwa kuti ndikapanda kunena pamenepo sindidzanenanso.

"Mdala, pali nkhani. Tsiku la nkhonya lija..."

"Ndinadziwa," anandidula.

Ndinatula chikwama chija pansi, iwo n'kupitiriza.

"Zaka zitatu wakhala ukutukwana jombo zanga m'mawa uliwonse. Tsiku lija unazinyamula ndi manja ngati khanda, osanena kanthu. Ndinangoti, mwanayu mphuno yafa."

"Ndiye munakhaliranji pafupi nane? Munandikokeranji lamba?" Ndinafunsa mokalipa, misozi ikutsika, ngati olakwa anali iwo.

Anapuma kaye, chifukwa mawu ambiri ankawathetsa mpweya. "Ndikananena, akanakutenga ndi foni yomwe. Ine nkhonya ya lamba ndinali ndisanaionepo ikuchitika, mphwanga. Ndinkangoona mawa lake, nditamva kale wopambana. Iwe unakhala chete, inenso ndinakhala chete. Ndiye usasenze wekha, ndigawireko."

Galimoto inafika, dalaivala akukuwa yalla, yalla, kuti afulumire. Mdala anandigwira paphewa n'kukwera pang'onopang'ono.

Sindinawagawire. Iwo anataya ntchito, ine yanga ndikadali nayo, ndiye tigawana bwanji? Nditabwerera m'chipinda ndinapeza jombo zawo pafupi ndi bedi langa, poti zinali za kampani sanazitenge. Mphuno yanga inali isanatsekuke mpaka nthawi imeneyo. Inadzatsekuka m'mawa wina patapita sabata, nditawerama kufuna chaja, ndipo fungo loyamba kulimva linali lomwelo. Ndinakhala pansi pomwepo ndi yunifomu, ndipo m'Zambia atafuna kuzitulutsa ndinamuuza kuti azisiye.