Magetsi Ochotsa Makwinya

Nthawi ya ulamuliro wa Smith ndinkakonza nkhope za azimayi kwathu ku Highfield. Kamakina kanga kofukiza nthunzi kanalibe pulagi, ndiye mawaya ndinkangowalowetsa m'soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi.

Tsiku lina kunabwera azakhali anga, akukonzekera ukwati wa mwana wawo. Ndinagwira kamakinako ndi dzanja lonyowa, linalo lili patsaya pawo. Magetsi anatigwira tonse awiri mpaka duku lawo linagwa.

"Mwanawe, n'chiyani chimenechi?"

"Ndi mmene timachotsera makwinya, azakhali," ndinanama, mkono uli dzanzi.

Tsiku lomwelo ndinamasula pulagi ya ayironi n'kuika pakamakinako, ndipo magetsi sanatigwirenso. Zoona sindinawauze. Mpaka imfa yawo ankabwerabe, n'kumadandaula kuti, "Iwe, masiku ano ukundimana kogwedeza kaja."