Puleni ya a Yesaya sinapite ku Durban

A Filimoni Yesaya a ku Chinengundu, mu tauni ya Chegutu, akhala akupala matabwa kuyambira pomwe ntchito yawo ya kufakitale ya nsalu inatha. Zitseko zambiri za mu Chegutu zinadutsa m'manja mwawo. Ndi munthu wamakani, ndipo puleni yawo yamagetsi, chimphona cholemera ngati mwana wa zaka ziwiri, sabwereketsa ngakhale kwa abusa.

Mwana wawo Rabeka anakulira m'zipalapala za matabwa. Atapita ku Durban anapeza ntchito yosesa pamalo osemera mabodi omwe anthu amaseweretsa pa mafunde a nyanja. Chaka chatha bwana wake anamuuza kuti abwere ndi puleni yakeyake, aseme bodi imodzi. Ikakoma akhala mmisiri, akaiwononga abwerera ku tsache.

A Yesaya atamva, tsiku lomwelo anakulunga chimphona chija m'bulangeti kuti akachikweze basi. Akumanga chingwe m'pamene anakumbuka kufunsa pa foni kuti mabodiwo ndi a mtengo wanji.

"Si mtengo, baba," anatero Rabeka. "Ndi fomu, ngati ya mufiriji."

Apa ndi pomwe ndimawavulira chipewa mkulu ameneyu. Nyanja sanaionepo, koma anakagula firiji yakufa, naiphwasula, nachotsa fomu. Atangoikapo puleni yawo, inamira n'kukumba dzenje. Anayesanso, dzenje linanso. Masiku anayi anazungulira kwa amisiri anzawo mpaka ku Kadoma, kubwereka mapuleni, iwo amene sabwereketsa. Anzawo anawaseka kuti ukalamba wafika, ayamba kupala mafiriji. Imene inachita bwino inali kapuleni kena kopepuka, kafupi, komwe umatha kusintha kuya kwa mpeni uku ukuyenda. Kale akanati n'choseweretsa.

Zinawawawa, osabisa. Ankafuna kuti mwana wawo ayambe umisiri ndi chida cha bambo ake. Komabe anamasula bulangeti lija, naimba foni.

"Yanga sibwera, mwanangu. Ingakuluzitse basa, n'kubwerera ku tsache. Pita kusitolo, unyamule iliyonse ndi dzanja limodzi, utenge yopepuka. Uone kuti chosinthira mpeni chikuyenda mosavuta pansi pa chala."

Rabeka anayankha kuti:

"Ndimadziwa kuti siyoyenera, baba, kungoti ndimasowa poyambira kukuuzani. Mukanatumiza, ndikanasemera yomweyo."